GeoNet ya ku New Zealand: imanena msanga, koma nambala yoyamba musaigwire ndi manja awiri

Ku New Zealand nthaka sigona tulo. Makina a GeoNet amajambula zivomerezi pafupifupi 20,000 pa chaka, ndipo mu 2016 zinapitirira 32,000. Zochuluka ndi zazing'ono zoti palibe amazimva. Zimene zimafika poliza mbale m'kabati ndi mazana ochepa chabe. Koma nyumba ikangogwedera, munthu wa ku Wellington kapena ku Christchurch amadziwa kolowera: amatsegula webusaiti ya geonet.org.nz kapena pulogalamu ya GeoNet pafoni, kuti aone kuti chachitikira kuti, chinali chachikulu bwanji, nanga anzake achimva motani. Ntchito imeneyi ndiyo tikuiunika pano, poganizira amene akupita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, amene ali ndi abale kumeneko, komanso ophunzira za miyala ndi nthaka amene akusowa manambala enieni oti agwiritse ntchito.

Maganizo athu tineneretu. Pofotokoza zimene zangochitika kumene, GeoNet ndi yachangu, ndi yaulere, ndipo ikakonza nambala sibisa. Mavuto amayamba munthu akaisenzetsa katundu amene si wake. Siichenjeza chivomerezi chisanafike, sindiyo imalamula anthu kuthawa tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja obwera chifukwa cha chivomerezi), ndipo nambala ya mphamvu ya chivomerezi imene imatuluka m'mphindi ziwiri zoyambirira ndi ya kompyuta, munthu asanaiyang'ane.

Ntchitoyi inayamba mu 2001. Akatswiri ake ndi a bungwe lofufuza za nthaka la GNS Science, limene mu Julayi 2025 linaphatikizana ndi la NIWA, lofufuza za madzi ndi nyengo, n'kukhala Earth Sciences New Zealand. Ndalama zambiri zakhala zikuchokera ku bungwe la boma la inshulansi ya nyumba pa ngozi zachilengedwe, lomwe kale linkatchedwa EQC ndipo kuyambira 2024 likutchedwa Natural Hazards Commission. Sizodabwitsa kuti wa inshulansi ndiye amalipira: iye ndi amene amafuna kudziwa bwino kuti nthaka inagwedezeka motani pansi pa nyumba imene akufunsidwa kuikonza.

Kuti mndandanda wa GeoNet umveke, pafunika kudziwa pang'ono za pansi pa dzikoli. Lakhala pamalire a zigawo ziwiri zikuluzikulu za thanthwe la dziko lapansi, cha Pacific ndi cha Australia, zimene zimakankhana pafupifupi masentimita 4 pa chaka. Kum'mawa kwa North Island, pa malo otchedwa Hikurangi, chigawo cha Pacific chimamira pansi pa chinzake. Kumwera chakumadzulo, ku Fiordland, zimasinthana: cha Australia ndicho chimamira. Pakati pake pali mng'alu wa Alpine Fault, wa makilomita pafupifupi 600, pamene zigawozi zimakhulana cham'mbali. N'chifukwa chake pa tsiku limodzi mutha kuona chivomerezi chakuya makilomita 5 ndi china chakuya makilomita 200 pa mndandanda womwewo. Ziwirizi sizifanana ngakhale mphamvu yake italembedwa chimodzimodzi.

Mukatsegula pulogalamuyi mumapeza mndandanda, zaposachedwa pamwamba. Mzere uliwonse uli ndi nthawi, mphamvu, kuya, malo potengera tauni yapafupi (mwachitsanzo makilomita 15 kumpoto chakum'mawa kwa Culverden), ndi liwu limodzi lonena za kugwedezeka: weak, light, moderate, strong, severe kapena extreme, kuchoka pa kofooka kufika pa koopsa zedi. Mtundu wa mzerewo umanka nufiira kugwedezeka kukamakula. Zonse zili m'Chingerezi, koma ndi mawu ochepa oti tsiku limodzi mwawazolowera. Mulibe zotsatsa malonda, safuna kuti mulembetse dzina, ndipo mndandandawo sudya bandulo. Pali zambiri zoti tiyamikire pa kuphweka kumeneku, makamaka tikaona mapulogalamu ena a zivomerezi odzaza ndi malonda amene amangokopera manambala a ena.

Nambala yoyamba imachokera kuti

M'dziko lonselo muli masiteshoni mazana angapo. Ena ali ndi makina omva kanthu kakang'ono kwambiri, oikidwa pathanthwe kutali ndi misewu. Ena ali ndi makina olimba oyezera kugwedezeka kwamphamvu, amene amaikidwa m'matauni, m'nyumba zosanja ndi pamilatho, chifukwa omva kwambiri aja amadzadza chivomerezi chachikulu chikachitika pafupi, n'kulephera kulemba msinkhu weniweni wa funde. Palinso makina a GPS oyeza kusuntha kwa nthaka pang'onopang'ono, ndi ena oyeza kukwera kwa nyanja m'magombe.

Mng'alu ukatsetsereka, pamatuluka mafunde a mitundu iwiri amene amayenda m'thanthwe. La P limathamanga pafupifupi makilomita 6 pa sekondi ndipo limafika ngati kugunda kamodzi kapena mkokomo. La S limayenda pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi, ndipo ndi limene limapukusa nyumba uku ndi uku. Mpata wa pakati pa awiriwa umanena kutalika: masekondi a mpatawo mukawachulukitsa ndi 8 mupeza makilomita mongoyerekeza. Masekondi 5 ndiye kuti pafupifupi makilomita 40. Kompyuta ya GeoNet, imene kuyambira 2012 imagwiritsa ntchito pulogalamu ya SeisComP, imatenga nthawi imene funde lafikira pa masiteshoni angapo n'kuwerengera malo, kuya ndi mphamvu. Imatulutsa yankho ikangopeza masiteshoni okwanira, kenako imalisintha masiteshoni akutali akamatumiza zawo. Ndiye musadabwe kuona 4.9 ikusanduka 5.3, kenako 5.1, m'mphindi khumi. Sikuti makina asokonezeka, akuwonjezera umboni.

Pa tsamba la chivomerezi chilichonse pali kaliwu kamene anthu ambiri amakadumpha. Automatic ndiye kuti ndi kompyuta yokha. Preliminary ndiye kuti munthu wayang'anako koma sanamalize. Best ndiye kuti katswiri wawunika bwinobwino. Deleted ndiye kuti chafufutidwa, kunalibe chivomerezi choterocho pamalopo. Musanatumize chithunzi ku gulu la abale pa WhatsApp, yambani mwaona kaliwu kameneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chivomerezi cha ku Kaikōura chimaonetsa zonsezi poyera. Chinachitika pa 14 Novembala 2016, nthawi ili 12:02 usiku. Nambala yoyamba ya kompyuta sinafike n'komwe pa 7. Usiku womwewo inakwera kufika pa 7.5, ndipo patapita masiku awiri akatswiri anakhazikika pa 7.8. Pamaso kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma sikelo imeneyi siyenda ngati ya pamsika. Kukwera ndi 1 ndiye kuti mphamvu yachuluka ka 32; kukwera ndi 2 ndi ka 1,000. Kuchoka pa 7.5 kufika pa 7.8 kokha ndi pafupifupi katatu.

Chifukwa chake n'chomveka. Chivomerezi chachikulu sichitha m'sekondi imodzi. Cha ku Kaikōura chinang'amba ming'alu yoposa 20 motsatizana kwa mphindi pafupifupi ziwiri, kuchoka kufupi ndi Culverden kulowera kumpoto chakum'mawa mtunda woposa makilomita 150. Pamene kompyuta inkatulutsa nambala yoyamba, inali itangoona chiyambi cha nkhaniyo. Komanso njira yachangu yoyezera, yoona kutalika kwa funde pa makina apafupi, imakhuta: ikafika cha m'ma 6.5 kapena 7 siikweranso bwino ngakhale chivomerezi chikhale chachikulu motani. Mphamvu yeniyeni imafuna mafunde aatali ojambulidwa patali, ndi miyezo ya GPS, zimene zimatenga nthawi. Lamulo losavuta ndi ili: nambala yoyamba ikakhala 6 kapena kuposa, yembekezerani kuti itha kukwera, osati kutsika kokha.

Kadontho ka pamapu nakonso kamanyenga. Kamaonetsa pamene kung'ambika kunayambira, osati pamene panawonongeka kwambiri. Mu 2016 kadonthoko kanali makilomita pafupifupi 60 kumwera chakumadzulo kwa tauni ya Kaikōura, koma nyumba zosanja zinawonongeka mpaka ku Wellington, kutsidya kwa nyanja ya Cook Strait, ndipo zina zinagwetsedwa pambuyo pake. Munthu amene anangoona kadontho n'kunena kuti m'bale wake ali kutali analakwitsa.

Usiku umenewo unavumbulanso chofooka china. Kalelo akatswiri ankadikira ali kunyumba, makina n'kumawadzutsa. Popeza chivomerezicho chinayambira pamtunda, akuluakulu oona za ngozi poyamba analengeza kuti palibe chiopsezo cha tsunami, ndipo posakhalitsa anasintha mawu makina a pagombe ataonetsa kuti nyanja yasuntha. Ming'alu ina inali itang'ambikira m'nyanja. Ku Goose Bay madzi anakwera mtunda pafupifupi mamita 7. Zotsatira zake, mu Disembala 2018 anatsegula National Geohazards Monitoring Centre ku Lower Hutt, kumene anthu amakhala maso pa makompyuta usana ndi usiku. Kuchokera pamenepo chivomerezi chomveka sichikhalitsa pa automatic.

Palinso zivomerezi za mizukwa, zimene eni ake a GeoNet savuta kuvomereza. Chivomerezi chachikulu chakuya chikachitika kutali, monga ku Tonga, ku Fiji kapena ku Kermadec, mafunde ake amafika pa masiteshoni ambiri a ku New Zealand pafupifupi nthawi imodzi, kuchokera pansi. Kompyuta imatha kuganiza kuti ndi zivomerezi ziwiri kapena zitatu zapafupi, n'kuziika pamapu ndi mphamvu ya 4 kapena 5. Foni imalira, munthu n'kuthamangira kufunsa anzake, koma aliyense ali phee. Pakapita mphindi zingapo katswiri amazifufuta. Zimakwiyitsa, komabe ndi mtengo wa liwiro: akanati azidikira munthu nthawi zonse, uthenga ukanamachedwa.

Cholakwika china chimachokera ku maonekedwe a dzikoli. Ndi lalitali, lopyapyala. Chivomerezi cha pamtunda chimazingidwa ndi masiteshoni mbali zonse ndipo malo ake amapezeka molondola. Cha m'nyanja, kumpoto kwa East Cape kapena kumwera kwa Fiordland, masiteshoni onse amakhala mbali imodzi, ndiye malo amatha kuphonyeka ndi makilomita makumi angapo, kuya kwake n'kukhala kongoganizira. Pa zazikulu za kutali m'nyanja ndi bwino kuyerekeza ndi USGS, nthambi ya boma la America yofufuza za nthaka, imene imagwiritsa ntchito masiteshoni a dziko lonse lapansi. Pa zazing'ono za pamtunda GeoNet ilibe mnzake, chifukwa USGS kunja kwa America kawirikawiri imangogwira za 4.5 kupita m'mwamba. Manambala a mabungwe awiriwa akasiyana ndi 0.2 kapena 0.3 palibe wanama. Amayeza ndi njira zosiyana.

Kukonza mauthenga a pafoni

Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Pulogalamuyi imalola kusankha dera ndi mlingo wa kugwedezeka, kapena mphamvu ndi kuya. Wongofika kumene amakonda kusankha dziko lonse ndi mphamvu ya 3 kupita m'mwamba. Foni imalira kangapo pa tsiku, sabata isanathe watopa, wathimitsa zonse, ndipo tsiku lofunikalo alibe uthenga.

Sankhani potengera kugwedezeka, osati mphamvu. Injini ya chigayo ndi imodzi, koma phokoso limene mukumva limadalira kuti mwaima pakhomo pake kapena kutsidya kwa dambo. Mphamvu ndi injiniyo, kugwedezeka ndi phokoso lofika kwa inu. Pa 4 Seputembala 2010 chivomerezi cha 7.1 chinachitika ku Darfield, makilomita 40 kumadzulo kwa Christchurch, nthawi ili 4:35 m'mawa, ndipo nyumba sizinaphe munthu. Pa 22 Febuluwale 2011, nthawi ili 12:51 masana, cha 6.3 chinapha anthu 185, ndipo 115 mwa iwo anafera m'nyumba imodzi ya CTV. Chachiwirichi chinali chochepa mphamvu, koma chinali chakuya makilomita 5 okha, pamtunda wosapitirira makilomita 10 kuchokera pakati pa mzinda. Makina a ku Heathcote Valley anayeza kukankha kwa nthaka kopitirira kawiri mphamvu imene imatikokera pansi. Kumbali ina, cha 7.8 cha ku Dusky Sound pa 15 Julayi 2009 chinachitikira kumapiri kopanda anthu ndipo chinawononga zochepa kwambiri.

Malangizo athu ndi malamulo awiri basi. Loyamba: tauni imene mukukhala, kuyambira pa moderate. Lachiwiri: dziko lonse, kuyambira pa strong. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata n'kumatsatira mwana wawo ali kumeneko asankhe tauni ya mwanayo pa strong pokha, pokumbukira kuti New Zealand ili patsogolo ndi maola 10, kapena 11 kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Epulo. Masana a kumeneko ndi usiku wa kuno. Pa mafoni a Android, chotsaninso pulogalamuyi pa mndandanda wa zimene foni imazigoneka posunga batire, apo ayi uthenga utha kumafika mochedwa.

Dziwaninso kuti liwu la pa mndandanda lija ndi loyerekeza kugwedezeka kwa pamwamba pa pomwe chivomerezi chachitikira, powerengera mphamvu ndi kuya. Silinena za nyumba yanu. Dothi lofewa la m'mbali mwa mtsinje kapena malo okwiriridwa m'gombe, monga mbali zina za doko la Wellington, limakulitsa mafunde kuposa thanthwe. Ndipo zivomerezi zakuya za pansi pa Taranaki kapena Taupō zili ndi khalidwe lachilendo: mafunde amatsata thanthwe lolimba lomira lija n'kukatulukira kugombe la kum'mawa ndi ku Wellington, pamene okhala pamwamba penipeni sanamve kanthu.

Gawo limene timalikonda kwambiri ndi la malipoti a anthu. Mukamva chivomerezi mumadina Felt, pamabwera zithunzi zojambula pamanja zisanu ndi chimodzi, kuyambira chipinda chimene zinthu zangogwedera pang'ono mpaka chimene katundu ali mbwee pansi. Mumasankha chofanana ndi zimene mwaona, foni n'kutumiza pamodzi ndi malo anu. Ndi ntchito ya masekondi ochepa, ndipo safuna kuti mudziwe Chingerezi chambiri. Wofuna kuthandiza ofufuza atha kudzaza fomu yaitali ya Felt Detailed pambuyo pake, yofunsa za mtundu wa nyumba, nsanjika imene anali ndi zimene zasweka. Anthu amayankha mochuluka zedi. Chivomerezi cha 5.8 cha kufupi ndi Levin pa 25 Meyi 2020, chimene chinapeza nduna yaikulu ya nthawi imeneyo Jacinda Ardern ali pa wailesi ya kanema kunyumba ya malamulo, chinabweretsa malipoti oposa 30,000. Cha kufupi ndi Paraparaumu pa 15 Febuluwale 2023 chinapitirira 60,000.

Mapu a malipotiwa muziwawerenga mosamala. Kuchuluka kwa timabokosi kumatsata kuchuluka kwa anthu ndi mafoni, osati kukula kwa ngozi. Wellington imaoneka yodzaza nthawi zonse. Pamakhalanso anthu ochepa amene amadina extreme pa kachivomerezi kosagwetsa ngakhale supuni, kaya ndi mantha kaya ndi nthabwala. Yang'anani zimene ambiri a dera limenelo asankha. Choopsa kwenikweni ndi malo amene ali zii pafupi ndi chivomerezi chachikulu. Magetsi ndi netiweki zikaduka, anthu ovutika kwambiri ndi amene satumiza kanthu. Mpata umenewu wachepako ndi mapu a Shaking Layers amene anayamba mu 2023. Amaphatikiza miyezo ya makina, malipoti a anthu ndi mtundu wa dothi, n'kujambula kugwedezeka kwa dera lonse pa zivomerezi za 3.5 kupita m'mwamba, patapita mphindi 10 mpaka 20. Kwa wofuna kudziwa za tauni ya m'bale wake, mapu amenewa amaposa kadontho kutalitali.

Zimene GeoNet sichita

Uthenga wa GeoNet umafika nthaka itagwedezeka kale. New Zealand ilibe chenjezo la boma la masekondi angapo chivomerezi chisanafike ngati la ku Japan. Mafoni a Android kumeneko amalira nthawi zina mafunde a S asanafike, koma imeneyo ndi ntchito ya Google imene inayamba m'dzikoli mu Epulo 2021, yogwiritsa ntchito timakina ta m'mafoni a anthu. GeoNet ilibe nayo gawo, ndipo manambala a awiriwa amasiyana kawirikawiri. Nthaka ikayamba kugwedezeka, foni isiyeni: gwadani pansi, bisani mutu ndi khosi pansi pa tebulo, gwiritsitsani mwendo wake mpaka zitatha. Kuthamangira panja n'koopsa, chifukwa njerwa za makoma akutsogolo ndi magalasi zimagwera m'njira, monga zinachitikira ku Christchurch.

Za tsunami, akatswiri a GeoNet amapereka uphungu, koma wolengeza ndi bungwe la boma loona za ngozi la NEMA, kudzera pa wailesi ndi pa Emergency Mobile Alert. Uthenga umenewu, umene unayamba mu Novembala 2017, umafika pa foni iliyonse yoyenera m'dera lokhudzidwa popanda kulembetsa kapena kuika pulogalamu. Kuyambira 2019 dzikoli linaikanso makina 12 a DART pansi pa nyanja oyeza funde likamadutsa. Anathandiza pa 5 Malichi 2021, pamene zivomerezi zitatu zinatsatizana m'mawa umodzi: cha 7.3 ku East Cape nthawi ili 2:27, cha 7.4 ku Kermadec nthawi ili 6:41, ndi cha 8.1 komweko nthawi ili 8:28. Cha ku Kermadec chinali kutali makilomita pafupifupi 1,000, ndiye panali nthawi yochenjeza. Cha ku Hikurangi sichidzapereka nthawi yotero. Funde litha kufika pagombe m'mphindi zochepa, katswiri asanamalize kuwerengera. Lamulo la kumeneko ndi lakuti chivomerezi chikatenga nthawi yoposa mphindi imodzi, kapena chikakhala champhamvu moti simungathe kuima, ndipo muli kufupi ndi nyanja, nyamukani nthawi yomweyo kupita kumtunda, wapansi kapena pa njinga ngati n'kotheka popeza magalimoto amatsekerezana. M'misewu ina ya ku Wellington, monga ku Island Bay, anapenta mzere wabuluu wodutsa pamsewu. Mukauwoloka mwatuluka m'dera limene madzi angafike. Woima pagombe n'kumadikira kuti pulogalamu isinthe kuchoka pa automatic akutaya mphindi zimene sadzazipezanso.

Chivomerezi chachikulu chikachitika, GeoNet imatulutsa tebulo la zivomerezi zotsatira: mwayi woti kubwera cha pakati pa 5 ndi 5.9, cha pakati pa 6 ndi 6.9, kapena cha 7 kupita m'mwamba, m'sabata, m'mwezi kapena m'chaka chikubwerachi. Ndi ntchito yabwino, yolembedwa mosaopseza, koma anthu amaimva molakwika. Si ulosi wa tsiku. Imachokera pa makhalidwe odziwika: zotsatira zimachepa mofulumira masiku akamapita, pa chimodzi cha 5 pamakhala pafupifupi khumi za 4, ndipo chachikulu mwa zotsatira kawirikawiri chimachepa ndi 1 kapena kuposerako pang'ono poyerekeza ndi choyamba. Mwayi wochepa sutanthauza kuti sichibwera. Cha ku Christchurch chija chinali chotsatira cha ku Darfield, patadutsa miyezi isanu ndi theka. Chimodzimodzi za Alpine Fault: inang'ambika komaliza mu 1717, imatero pafupifupi zaka 300 zilizonse, ndipo kafukufuku wa 2021 anapeza mwayi wa 75 pa 100 woti ichita m'zaka 50 zikubwerazi. Palibe tsamba la GeoNet limene lingakuuzeni chaka chake, ndipo aliyense wa pa Facebook wonena kuti akudziwa tsiku akukunamizani.

Gawo la mapiri ophulika tingolidutsa mwachidule. Lili ndi milingo kuyambira 0 mpaka 5 ya mapiri ngati Ruapehu, Tongariro, Taupō ndi Whakaari, pamodzi ndi zithunzi za makamera. Mlingowo umanena mmene phiri lilili panopa, osati zimene lichite mawa. Whakaari inali pa mlingo 2 pamene inaphulika pa 9 Disembala 2019 n'kupha anthu 22.

Kwa ophunzira ndi aphunzitsi, chuma chenicheni chili pa webusaiti, osati pafoni. Tsamba la Quake Search limalola kujambula bokosi pamapu, kusankha masiku, mphamvu ndi kuya, n'kutsitsa zonse ngati fayilo ya CSV yotsegulika mu Excel. Mafunde enieni ojambulidwa ndi siteshoni iliyonse amapezekanso kwaulere, bola kutchula kumene mwawatenga. Chivomerezi chilichonse chili ndi nambala yakeyake. Cha ku Kaikōura ndi 2016p858000, ndipo kusaka ndi nambala imeneyi n'kodalirika kuposa dzina la malo. Tsambali limaoneka lachikale ndipo pafoni limavuta kuligwiritsa ntchito, pamafunika kompyuta.

Pali misampha itatu imene imakola ongoyamba. Woyamba ndi nthawi. Mndandanda wa tsiku ndi tsiku umalemba nthawi ya ku New Zealand, koma fayilo yotsitsa imalemba ya UTC, nthawi ya dziko lonse imene ili m'mbuyo mwa ya ku Malawi ndi maola awiri. Cha ku Kaikōura mukachisaka pa 14 Novembala simuchipeza, chifukwa mu fayilo chili pa 13 Novembala nthawi ya 11:02, imene ku Malawi inali 1:02 masana Lamulungu. Wachiwiri ndi kuya. M'kaundula wakale mudzaona zivomerezi zambirimbiri zolembedwa makilomita 5, 12 kapena 33 ndendende. Si kuti nthaka imakonda manambala amenewo. Ndi amene ankaikidwa kuya kwenikweni kukakanika kupezeka. Wachitatu ndi kusintha kwa 2012. Njira yopezera zivomerezi ndi kuwerengera mphamvu inasintha chaka chimenecho, ndipo masiteshoni akhala akuwonjezeka kuyambira 2001, choncho amene angayerekeze chiwerengero cha 2005 ndi cha 2020 n'kunena kuti zivomerezi zikuchuluka akhala akuyeza kuchuluka kwa makina. Poyerekeza zaka, dulani zazing'ono zonse n'kutsala ndi za 4 kupita m'mwamba, zimene zinkagwidwa bwino kuyambira kale.

GeoNet imathera m'malire a New Zealand ndi nyanja zoizungulira. Malawi nayo ili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, ndipo zivomerezi za ku Salima mu Malichi 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 anthu akuzikumbukirabe, koma nthaka ikagwedezeka ku Karonga pulogalamu imeneyi siidzaonetsa kanthu. Za kuno muziyang'ana pa USGS kapena pa LastQuake ya EMSC, bungwe la ku Ulaya loona za zivomerezi, imene imalandiranso malipoti a anthu kudzera m'zithunzi. Konzekerani kudikira mphindi 15 kapena kuposa, ndipo zochepera 4 kawirikawiri sizilembedwa n'komwe, chifukwa masiteshoni otumiza miyezo kunja nthawi yomweyo ndi otalikirana kwambiri m'chigawo chino.